Mzinda womangidwa pa matope: chivomerezi cha ku Mexico City cha 1985

Lachinayi pa 19 Sepitembala 1985, nthawi ili 7:17 m'mawa, miyala ya pansi pa gombe la Michoacán, kumadzulo kwa dziko la Mexico, inathyoka n'kusuntha. Ku Mexico City, likulu la dzikolo, panalibe amene anamva kanthu. Ana anali pa ulendo wa kusukulu, amayi osoka zovala m'mafakitale anali atayatsa kale makina awo, ndipo pa TV ankaulutsa nkhani za m'mawa. Panadutsa pafupifupi mphindi ziwiri. Itakwana 7:19 nthaka ya pakati pa mzindawo inayamba kuyenda uku ndi uku, ndipo pamene inkaleka, nyumba zoposa 400 zinali zili pansi, zina zoposa 3,000 zitawonongeka kwambiri. Pa chiwerengero cha anthu amene anafa, mabuku ambiri amatchula pafupifupi 10,000.

Nachi chimene chimandichititsa chidwi ine ngati mphunzitsi wa fizikisi. Kuchokera pamene chivomerezicho chinayambira kukafika ku Mexico City pali makilomita oposa 350, mtunda ngati wochoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu pa msewu wa M1. Inu mukudziwa kuti mafunde amafooka akamayenda ulendo wautali. Phokoso la chigayo limagonthetsa m'khutu mukakhala pakhomo pake, koma mukafika kutsidya kwa dambo mumangolimva pang'ono. Chivomerezinso chimatero. Mizinda ingapo imene inali pakati pa gombe ndi likulu inagwedezeka, koma sinaone zimene likulu linaona. Ngakhale mkati mwa Mexico City momwemo, munthu amene anali kum'mwera pa yunivesite ya UNAM anangochita mantha basi, pamene makilomita ochepa chabe kuchoka pamenepo zipatala ndi mahotela zinali kugwa. Chivomerezi chimodzi, mzinda umodzi, mphindi yomweyo. Zinatheka bwanji?

Yankho lake lili mu mutu wa oscillations and waves womwe uja mumauloweza pokonzekera MSCE.

Mphindi ziwiri za ulendo

Tiyambe ndi kumene mphamvuyo inachokera. Chikhungwa cha dziko lapansi si chimodzi chathunthu ayi. Ndi zidutswa zikuluzikulu za miyala zimene timati ma plate, ndipo zimayenda. Kugombe la kumadzulo kwa Mexico, plate ya Cocos, imene ili pansi pa nyanja ya Pacific, imalowa kunsi kwa plate ya North America ndi liwiro la masentimita pafupifupi 6 pachaka. Zikhadabo zanu zimakula mochedwerapo pang'ono poyerekeza ndi liwiro limenelo. Koma miyala sitereka bwinobwino ngati sopo. Imagwirana, friction imaikaniza, ndipo kwa zaka makumimakumi imangopindika pang'onopang'ono ngati rula imene mwaikanikiza mbali zonse ziwiri. Mphamvu imasungika m'menemo ngati elastic potential energy. Tsiku limene friction yagonja, mtunda wonse umene ma plate akanayenda m'zaka zambirizo amauyenda m'masekondi ochepa.

Chivomerezi cha tsiku limenelo chinali cha magnitude 8.0. Nambala imeneyi imapusitsa, chifukwa 8 ndi 6 zimaoneka ngati zoyandikana. Mukakwera sitepe imodzi pa sikelo imeneyi, mphamvu yotuluka imachuluka pafupifupi ka 32. Masitepe awiri ndiye kuti 32 × 32, pafupifupi 1,000. Chivomerezi chimene chinagwetsa nyumba ku Karonga pa 19 Disembala 2009 chinali cha 6.0. Mungafunike zivomerezi za ku Karonga zokwana 1,000 kuti mufanane ndi cha ku Michoacán chimodzi.

Miyala ikathyoka chotere imatumiza mafunde mbali zonse. Oyamba kufika ndi ma P wave, amene ndi longitudinal, okankha ndi kukoka ngati mafunde a phokoso, ndipo m'miyala ya chikhungwa cha dziko amathamanga pafupifupi makilomita 6 pa sekondi. Pambuyo pake pamabwera ma S wave, amene ndi transverse, ogwedeza nthaka chammbali, pa liwiro la pafupifupi makilomita 3.5 pa sekondi. Owononga kwambiri ndi achiwiriwa, pamodzi ndi mafunde oyenda pamwamba pa nthaka amene amawatsatira. Tawerengani nokha: 350 kugawa ndi 3.5 ikupereka masekondi 100. Mphindi ziwiri zija ndi zimenezo. Musaziiwale, tikumana nazonso kutsogoloku.

Pa ulendo wautali chonchi mafunde safooka mofanana. Kukakhala chinkhoswe kumudzi wakutali usiku, mawu a woyimba simuwamva, gitala simumumva, koma kugunda kwa bass kumafika mpaka pamphasa panu: du, du, du. Mafunde a frequency yokwera amathera m'njira, a frequency yotsika amapitirira. N'chimodzimodzi pansi pa nthaka. Chimene chinafika ku chigwa cha Mexico sikunali kunjenjemera kwachangu, koma kuyenda kwapang'onopang'ono, kupita uku n'kubwerera, kamodzi pa masekondi awiri alionse kapena kuyandikira pamenepo. Pa thanthwe, kuyenda koteroko kunali kofooka ndithu. Tsoka lake n'lakuti pakati pa mzindawo si pa thanthwe.

Nyanja imene inakwiriridwa

Mexico City ili m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, pamtunda wa mamita 2,240 kuchokera pa nyanja yamchere. Kale m'chigwamo munali nyanja zingapo zolumikizana, yaikulu inali Texcoco. Aaziteki anamanga mzinda wawo wa Tenochtitlan pa chilumba cha m'nyanja imeneyo cha m'ma 1325, ndipo ankayenda ndi mabwato m'ngalande. Asipanishi otsogozedwa ndi Hernán Cortés atagonjetsa mzindawo mu 1521, anamanga wawo pamwamba pa mabwinja ake. Madzi osefukira ankawasautsa kawirikawiri, choncho anaganiza zochotsa nyanjayo. Ntchito yokumba njira yotulutsira madzi kunja kwa chigwa inayamba mu 1607, ndipo ngalande yaikulu inatsegulidwa mu 1900. Nyanja inaphwa, mzinda unafalikira pamene panali madzi.

Madzi a pamwamba anapita, inde, koma matope a pansi pa nyanja anatsala. Ndi dongo lofewa modabwitsa, lopangidwa ndi phulusa la mapiri ophulika ndi zotsalira za tizilombo ta m'madzi. Mukatenga chibuma chake n'kuchiyanika mu uvuni, mupeza kuti madzi amene anali m'katimo ankalemera kuwirikiza kangapo dothi lenilenilo. N'chifukwa chake mzindawu ukumira: pamene anthu akupopa madzi a pansi, dongo likuphwa, ndipo malo ena a pakati pa mzinda atsika ndi mamita pafupifupi 10 m'zaka 100. Yunivesite ya UNAM ija ili kwina, pa miyala yolimba imene inatuluka m'phiri lophulika la Xitle.

Ikani phala lozizira m'mbale, mugwedeze mbaleyo pang'ono. Mbale imayenda pang'ono, phala limayenda kwambiri, ndipo mukaleka kugwedeza limapitirizabe kunjenjemera. Mapiri ndi thanthwe la pansi ndiwo mbale. Dongo ndilo phala.

Koma kufewa kokha sikukwanira kufotokoza zimene zinachitika. Chinthu chilichonse chimene chingathe kugwedezeka chili ndi nthawi yakeyake yopitira ndi kubwerera, natural period, ndipo 1 kugawa ndi period imeneyo ndiye natural frequency. Mwana akakhala pa katungwe, simufunika mphamvu zambiri kuti mumuulutse m'mwamba. Chofunika n'kukankha pa nthawi yake, pamene katungwe wangoyamba kubwerera. Kukankha kulikonse kumawonjezera mphamvu pa imene ilipo kale, amplitude n'kumakula. Mukakankha mwachisawawa, nthawi zina mumathandiza, nthawi zina mumabweza, ndipo mwanayo amangokuyang'anani. Atsikana amene mumasenza madzi mukuidziwa bwino nkhaniyi kuposa buku: mayendedwe anu akagwirizana ndi kavinidwe ka madzi a m'ndowa, madzi amayamba kutayikira kumsana, ndipo mumasintha sitepe kapena kuika masamba pamwamba. Kugwirizana kwa kukankha ndi natural frequency kumeneku ndiye resonance.

Period ya dongo la ku Mexico City tingaiwerengere ndi zimene mukudziwa kale. Pansi pa dongo pamene lakhudza nthaka yolimba, siliyenda momasuka. Pamwamba pake palibe choligwira. Zikufanana ndi paipi yotseka mbali imodzi, kapena botolo la Fanta limene mukuuzira pakamwa pake: node pansi, antinode pamwamba. Funde losavuta kwambiri limene lingakwane m'menemo ndi kota ya wavelength. Tikatchula kuya kwa dongo kuti H, ndiye kuti λ = 4H. Popeza v = fλ ndipo T = 1/f, tikupeza kuti T = 4H/v.

Tsopano tiike manambala. Pamalo pamene panali likulu la unduna woona za mtengatenga ndi mauthenga, umene amaufupikitsa kuti SCT, dongo lofewa n'lokuya mamita pafupifupi 38. Ma S wave amene amathamanga mamita 3,500 pa sekondi m'thanthwe, akalowa m'dongo limenelo amakwawa pa mamita pafupifupi 75 pa sekondi. T = 4 × 38 ÷ 75. Dinani pa calculator. Mupeza masekondi awiri.

Mafunde ochokera ku Michoacán ankakankha kamodzi pa masekondi awiri. Dongo linkafuna kuyenda kamodzi pa masekondi awiri. Katungwe anapeza womukankha.

Sitikungoganizira ayi, zipangizo zoyezera zinalemba. Ku Caleta de Campos, pamwamba penipeni pa malo amene miyala inathyoka, acceleration yaikulu ya nthaka inali pafupifupi 0.14 g. Pa thanthwe la ku UNAM inali itatsika kufika pafupifupi 0.04 g, monga mmene tingayembekezere pa mtunda wotere. Pa SCT, mumzinda womwewo, inafika 0.17 g. Ndiye kuti nthaka ya pa mtunda wa makilomita oposa 350 inagwedezeka kuposa ya pa gwero penipeni. Ndipo dongolo silinaleke msanga. Pa thanthwe kugwedezako kunatha, koma m'dera la nyanja yakale kunapitirira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu.

Katungwe pamwamba pa katungwe

Nyumba nayonso ili ndi natural period. Mainjiniya ali ndi kawerengedwe kachidule: tengani chiwerengero cha nsanjika, mugawe ndi 10. Nyumba ya nsanjika ziwiri ndiye kuti masekondi 0.2, ya nsanjika 10 sekondi imodzi, ya nsanjika 40 masekondi anayi. Si ndendende, koma zimathandiza.

Izi mukhoza kuziona ndi maso, ndipo ndimakonda kuzichita m'kalasi chifukwa sizifuna labu. Pezani thabwa ndi mawaya atatu olimbirapo a mtundu umodzi, lalifupi, lapakati ndi lalitali. Muwaimike pathabwapo, ndipo pamwamba pa lililonse mumatepo kachibuma ka dongo kolemera mofanana. Yendetsani thabwalo uku ndi uku patebulo. Mukayendetsa mofulumira, lalifupi ndi limene limavina, lalitali limangoima ngati silikumva. Mukayendetsa mwaulesi, lalitali limaweramira uku ndi uku pamene lalifupi likungotsatira thabwa. Penapake pakati mupeza liwiro limene waya lapakati lokha limapenga mpaka kutaya dongo lake, anzake awiri ali phee. Ana anga akafika pamenepa amakuwa kuti ndachita matsenga. Palibe matsenga, dzanja ndi lawo lomwe.

Zimenezi n'zimene zinachitikira Mexico City. Nyumba zakale za miyala za nthawi ya Asipanishi, za nsanjika ziwiri kapena zitatu, zambiri zinapulumuka ngakhale zinali pa dongo lomwelo. Torre Latinoamericana, nsanja ya nsanjika 44 imene inamalizidwa mu 1956, inaima chilili. Period yake ndi yoposa masekondi atatu, ndipo maziko ake ndi mizati 361 yokhomedwa mamita oposa 30 kukafika pa nthaka yolimbirapo. Zimene zinagwa kwambiri ndi za pakati, za nsanjika 6 mpaka 15.

Wina wochenjera afunsa kuti: aphunzitsi, mwati nsanjika kugawa ndi 10, ndiye masekondi awiri akuyenera kukhala nsanjika 20, nanga bwanji zinagwa za 6 mpaka 15? Funso labwino. Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, nyumba imene yakhala pa dongo lofewa imagwedezeka ndi maziko ake omwe, choncho period yake imatalikirapo kuposa ya nyumba yofanana nayo ya pa thanthwe. Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Nyumba ya nsanjika 10 ikayamba kugwedezeka, makoma ndi mizati yake zimachita ming'alu. Yang'aluka, yafewa. Yafewa, period yake yatalika, kuchoka pa sekondi imodzi kupita ku 1.3, kenako 1.6, kuyandikira masekondi awiri a dongo lija. Kuwonongeka kulikonse kumaikokera pafupi ndi resonance, ndipo resonance imawonjezera kuwonongeka. Nyumba yaitali kwambiri ikang'aluka imachita zosiyana: period yake imathawa kuchoka pa masekondi awiri. Apa mpamene kutalika kwa nthawi ya kugwedeza kunapha anthu. Chikanakhala cha masekondi khumi, nyumba zambiri zikanang'aluka n'kutsala chiimire.

Akatswiri atatenga zimene chipangizo cha pa SCT chinalemba, anawerengera kuti nyumba ya period ya masekondi awiri pamalopo ikanakankhidwa chammbali ndi acceleration ya pafupifupi 1 g. Tangoganizani. Zili ngati mwaizula nyumbayo n'kuimata kukhoma chogona, kuti maziko ake anyamule kulemera kwake konse chammbali. Malamulo a zomangamanga a nthawi imeneyo sankayembekezera mphamvu yofika pamenepo.

Komabe ndisakunamizeni kuti zonse zinali fizikisi ya mafunde. Panali nyumba zofanana msinkhu, pa dongo limodzi, ina n'kugwa ina n'kutsala. Zina zinamangidwa mothithikana kwambiri, ndipo poti ma period awo anali osiyana, zinkawombana ngati mitu ya nkhosa mpaka nsanjika za pamwamba kuphwanyika. Zina pansi pake anachotsa makoma kuti pakhale mashopu kapena poimika magalimoto, nsanjika yapansiyo n'kukhala yofooka kuposa zonse zimene yasenza. Zinanso zinapezeka ndi konkire wosalimba ndi zitsulo zochepa, ndipo nyumba zambiri mwa zimene zinagwa zinali zomangidwa ndi boma, zimene zinautsa mkwiyo waukulu pa nkhani ya katangale. Dongo linasankha dera, resonance inasankha msinkhu, koma pa nyumba zambiri amene anamaliza chiweruzo ndi amene anasainira mapulani.

Kwathu kuno nkhaniyi imatikhudza mwa njira ina. Ife tili mu Rift Valley, kumene ma plate akutalikirana osati kulowana, ndipo nyanja ya Malawi ili mu mng'alu womwewo. Chivomerezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 chinapha anthu 9 n'kusiya pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Nyumba zathu zambiri n'zopanda nsanjika, period yake ndi yaifupi kwambiri, choncho mdani wake si mafunde aulesi ochokera kutali koma kunjenjemera kwachangu kwa chivomerezi chapafupi. Khoma la njerwa zomangira dothi, lopanda bimu yolimanga pamodzi ndi anzake pamwamba, limangosiyana nawo pakona n'kugwa. Koma funso la Mexico City, lakuti pansi pa nyumbayi pali thanthwe kapena matope, limagwira ntchito kulikonse, kudambo ndi kugombe la nyanja komwe.

Amene anali m'katimo

Manambala a nyumba asatiiwalitse kuti munali anthu. Nsanja ya nsanjika 12 ya chipatala cha Juárez inagwa ndi odwala, madokotala ndi anamwino, ndipo anafa oposa 500. Ku Hospital General kunagwa nyumba ya amayi oyembekezera ndi nyumba yogona madokotala ophunzira ntchito. Ndiye kuti pa ola limene mzinda unkafuna zipatala kuposa kale lonse, mabedi zikwi zingapo anali atatayika. Hotel Regis inagwa n'kuyaka moto. Likulu la mafoni litawonongeka, mzindawo unaduka ku dziko lonse, ndipo uthenga wambiri unkatuluka kudzera mwa anthu wamba okhala ndi mawailesi olankhulirana. Anthu mamiliyoni anakhala opanda madzi a m'mipope. Bwalo la masewero a baseball linasanduka mosungira mitembo, akuiika pa ayezi kuti abale adzaizindikire.

Ku Tlatelolco, mudzi waukulu wa nyumba zosanja zogonamo, magawo awiri mwa atatu a nyumba yotchedwa Nuevo León anagwa n'kupha anthu mazanamazana. Okhalamo anali atadandaula kale za maziko ake. Woyimba wotchuka Plácido Domingo anataya abale ake anayi m'nyumba imeneyo, ndipo anabwera kudzafukula nawo.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya amayi osoka zovala a mu msewu wa San Antonio Abad. Ankagwira ntchito m'nyumba zosanja zimene sizinamangidwe kuti zikhale mafakitale, koma eni ake anadzazamo makina olemera ndi mipukutu ya nsalu mpaka nsanjika za pamwamba. Kumbukirani F = ma. Acceleration ya nthaka ndi yomweyo kwa aliyense, koma mass ikachuluka, mphamvu yokankha mizati chammbali imachulukanso, ndipo ikakhala pamwamba ndiye zimanyanya. Amayiwa ankayamba ntchito m'mawa kwambiri, choncho 7:19 inawapeza ali pa makina. Opulumuka anaona mabwana ena akutulutsa makina ndi katundu pamene anzawo anali akadali pansi pa zigumukire. Pasanathe milungu yambiri anakhazikitsa bungwe lawo la apantchito n'kulitcha dzina la tsikulo, 19 de Septiembre, ndipo mtsogoleri wake anali Evangelina Corona, mmodzi wa osokawo.

Boma la pulezidenti Miguel de la Madrid linachedwa. Poyamba linanena kuti silikufuna thandizo lakunja, ndipo pulezidentiyo sanalankhule ku mtundu mpaka usiku wa tsiku lotsatira. Madzulo a pa 20 Sepitembala pomwepo kunabwera chivomerezi china cha 7.5 chimene chinamaliza nyumba zimene zinali zitang'aluka kale. Amene anagwira ntchito yopulumutsa m'masiku oyambawo anali anthu wamba: ophunzira, amakaniko, madalaivala, akupatsirana zidebe za zigumukire dzanja ndi dzanja. Ena ochepa thupi ankalowa m'timipata ta pakati pa konkire, ndipo anthu anawatcha Topos, kutanthauza tinyama tofukula pansi ngati mfuko. Gulu limeneli lilipobe, ndipo limapita kukathandiza m'maiko ena kukachitika zivomerezi. M'mabwinja a zipatala zija anatulutsamo makanda obadwa kumene ali moyo, ena patatha sabata yathunthu. Pamene World Cup inkatsegulidwa mu bwalo la Azteca pa 31 Meyi 1986, khamu la anthu linamukuwiza pulezidentiyo mpaka mawu ake osamveka.

Kuthamangitsana ndi funde

Tibwerere ku mphindi ziwiri zija. Chivomerezi palibe amene angalosere tsiku lake. Koma chikayamba kugombe, mafunde ake owononga amayenda makilomita 3.5 pa sekondi, pamene mafunde a wailesi amayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Mukaika zipangizo kugombe kuti zikamva kugwedeza zitumize uthenga pa wailesi, uthengawo ufika kulikulu nthawi yomweyo, chivomerezi chikadali m'njira. Mtunda umene unkaoneka ngati chitetezo chabodza mu 1985 unasanduka nthawi yothawira.

Mexico inachitadi zimenezi. Zipangizo zoyamba zinaikidwa m'gombe la Guerrero n'kuyamba kugwira ntchito mu 1991, ndipo mu 1993 machenjezo anayamba kuperekedwa kwa anthu onse. Inali njira yoyamba padziko lapansi yochenjeza anthu wamba za chivomerezi chimene chili m'njira. Pa 14 Sepitembala 1995 inapereka chenjezo masekondi 72 mafunde amphamvu asanafike. Masekondi 72 ndi okwanira kuimitsa sitima zapansi, kuzimitsa gasi, ndi kutulutsa kalasi yonse pabwalo. Malamulo a zomangamanga anakhwimitsidwa mu 1987, ndipo chaka chilichonse pa 19 Sepitembala mzinda wonse umayeserera kuthawa chivomerezi.

Pa 19 Sepitembala 2017 anayeserera nthawi ya 11 koloko m'mawa. Itakwana 1:14 masana, tsiku lomwelo patatha zaka 32 ndendende, kunabwera chivomerezi chenicheni cha 7.1. Ichi sichinachokere kugombe. Chinayambira pansi pa malire a Puebla ndi Morelos, makilomita pafupifupi 120 okha kuchokera kulikulu, choncho mabelu ochenjeza analira pamene nthaka inali itayamba kale kugwedezeka. Anafa anthu pafupifupi 370, ndipo 228 mwa iwo anali a mu Mexico City. Nyumba zoposa 40 zinagwa mumzindawo, zambiri mwa izo zomangidwa 1985 isanafike.

Chimene ndikufuna muone ndi malo amene zinagwera. Poti gwero linali pafupi, mafunde a frequency yokwererapo anafika asanathere m'njira, ndipo mphamvu yambiri inali pa period ya pafupifupi sekondi imodzi. Ulendo uno dera lowonongeka kwambiri silinali pakati pa nyanja yakale pamene dongo n'lokuya, koma chakumphepete kwake kumadzulo ndi kum'mwera, ndipo nyumba zambiri zimene zinagwa zinali zazifupirapo, zosapitirira nsanjika 7 kapena 8.

Tengani T = 4H/v, muike T = sekondi imodzi ndi v = mamita 75 pa sekondi, mupeze H. Mukaipeza, muiyerekeze ndi mamita 38 a pa SCT aja, kenako mufotokoze m'mawu anuanu chifukwa chake dongo lokuya chotero likupezeka kumphepete kwa nyanja yakale osati pakati pake.